Kulowetsa galimoto yogonamo m'dziko lina: zoyenera kufufuza musanalipire

Galimoto yogonamo, imene ena amaitcha motorhome kapena RV, ndi zinthu ziwiri pamodzi. Pansi pake ndi galimoto: injini, mabuleki, matayala, nyali. Pamwamba pake ndi nyumba: sitovu ya gasi, mawaya a magetsi, thanki ya madzi, mabedi. Ikafika pa chipata cholowera dziko lina, mbali ziwiri zonsezi zimafunsidwa mafunso, ndipo ofunsawo si amodzi. A kasitomu amafuna msonkho ndi umboni woti galimotoyo ndi yanu. A zamtengatenga amafuna umboni woti inapangidwa motsatira malamulo a chitetezo a dziko lawo. Pambuyo pake pamabwera oona za gasi ndi magetsi, amene alibe nayo ntchito injini. N'zotheka kulipira msonkho wonse, galimoto n'kutuluka padoko, kenako n'kukanidwa nambala. Ikakanidwa, njira zotsala ndi kuitumizanso kumene inachokera kapena kuiphwanya, ndipo zonsezi mumalipira ndinu.

Choncho ntchito yaikulu imachitika ndalama zisanatuluke m'thumba.

Chifukwa chake galimoto yabwinobwino imakanidwa

Ku United States ndi ku Canada boma siliyesa galimoto isanagulitsidwe. Wopanga ndiye amadziyesera yekha, n'kumata sitika yonena kuti galimotoyi ikutsatira malamulo onse amene analipo pa nthawi imene inapangidwa. Malamulowo ku United States ndi FMVSS, ndipo amayang'aniridwa ndi bungwe la NHTSA. Ku Canada ndi CMVSS, pansi pa Transport Canada. Ku Europe zimayenda mosiyana. Mtundu wa galimoto umayamba wayesedwa ndi bungwe lovomerezedwa ndi boma, ukakhoza umapatsidwa nambala, ndipo galimoto iliyonse ya mtunduwo imatuluka m'fakitale ili ndi chikalata chotchedwa Certificate of Conformity. Ambiri mwa malamulo a kumeneko anachokera ku pangano la ku Geneva la 1958, limene Japan ndi Australia analowanso, koma United States ndi Canada sanalowe.

Zotsatira zake n'zakuti nyali yolembedwa DOT, chizindikiro cha ku United States, ndi nyali yolembedwa chilembo E m'kati mwa kabwalo, chizindikiro cha ku Europe, zonse zimawala bwino, koma iliyonse ili ndi kwawo. Woyendera galimoto safunsa ngati chinthu chili chabwino. Amafunsa ngati chili ndi chizindikiro chimene lamulo la dziko lake limatchula.

Yambani ndi zithunzi za masitika

Musanakambe za mtengo, uzani wogulitsa akutumizireni zithunzi zooneka bwino za sitika ya wopanga. Pa motorhome ya ku America imakhala pa chitseko cha dalaivala kapena pafupi ndi mpando wake. Pa kalavani, nyumba ya matayala yokokedwa ndi galimoto ina, imakhala kunja, kumanzere, chakutsogolo. Pa sitikayo muwerengepo dzina la wopanga, mwezi ndi chaka chimene galimoto inapangidwa, kulemera kwake kovomerezeka ikadzaza, kulemera kumene ekiselo iliyonse inganyamule, ndi VIN, nambala yodziwira galimotoyo. VIN ya galimoto zopangidwa kuyambira 1981 imakhala ndi zilembo ndi manambala 17, ndipo mulibe zilembo I, O ndi Q. Nambala ya pa sitika, ya pa chassis ndi ya pa chikalata cha umwini zifanane chilembo ndi chilembo. Zikasiyana pa chilembo chimodzi chokha, mapepala onse amaima pa chipata mpaka ofesi imene inapereka chikalatacho ikonze.

Apa ndi pamene motorhome imasiyana ndi galimoto wamba. Ma motorhome ambiri amapangidwa ndi makampani awiri. Yoyamba, monga Ford, Fiat, Mercedes-Benz kapena Freightliner, imapanga chassis ndi injini. Yachiwiri imamanga nyumbayo pamwamba, ndipo ndi imene imatsimikizira kuti galimoto yonse yomalizidwa ikutsatira malamulo. Motero pamafunika umboni wa makampani onse awiri. Kawirikawiri chassis imapangidwa chaka chino, nyumba n'kumangidwa chaka chotsatira, ndiye chaka cha mu VIN chimasiyana ndi chaka cholembedwa pa chikalata cha umwini. Si chinyengo ayi, koma funsiranitu ku ofesi yolembetsa magalimoto kuti iwo amawerengera tsiku liti, makamaka ngati mukudalira lamulo lomasula magalimoto akale.

Sitika ikakhala kuti inachotsedwa, inapentedwa kapena inafufutika ndi dzuwa, kalata yochokera kwa wopanga ndi imene ingalowe m'malo mwake. Makampani ambiri omanga makalavani anatsekedwa kapena kugulidwa ndi ena, ndipo kalatayo ikasowa woilemba, galimotoyo isiyeni. Chimodzimodzi veni kapena basi imene munthu anaisandutsa yekha kukhala yogonamo: ingakongole bwanji m'kati, palibe kampani imene inatsimikizira mipando, malamba ndi kulemera kwake pambuyo pa kusinthako. Chikomekome cha nkuyu, m'kati muli nyerere. Transport Canada salola magalimoto osinthidwa motere ngati sanakwanitse zaka 15.

Kuchokera ku United States kupita ku Canada

Njira iyi ndi imene anthu ambiri amadutsa, ndipo ndondomeko yake ndi yodziwika bwino, choncho tiifotokoza mwatsatanetsatane.

Galimoto iliyonse yosakwana zaka 15, kuwerengera kuchokera pa mwezi ndi chaka chimene inapangidwa, imadutsa mu pulogalamu ya Registrar of Imported Vehicles, mwachidule RIV. Makalavani okokedwa nawonso amadutsa momwemo. Choyamba ndi kuyang'ana mndandanda wa Transport Canada wa magalimoto ololedwa, mu gawo la ma motorhome, pansi pa dzina la kampani imene inamanga nyumbayo, osati ya chassis. Mtundu wina umaloledwa wa zaka zina zokha, wina umaloledwa pokhapokha wopanga atatsimikiza kuti ungasinthidwe.

Chachiwiri ndi kalata yotchedwa recall clearance. Imasonyeza kuti palibe vuto la chitetezo limene wopanga analengeza koma silinakonzedwe pa galimoto ya VIN imeneyo. Ipempheni kwa wopanga chassis ndiponso kwa womanga nyumba, ndipo ikhale yolembedwa posachedwa. Ngati pali vuto losakonzedwa, likonzetseni galimoto idakali ku United States, kumene malo ogulitsira mtunduwo amakonza popanda malipiro. Ikawoloka malire, zida zake zikhoza kuchedwa pamene masiku amene mwapatsidwa oti muyendetse galimotoyo kwa oyendera akutha.

Chachitatu ndi kutuluka. Galimoto yokhala ndi injini siingachoke ku United States mwakachetechete. Chikalata cha umwini chiyenera kufika ku ofesi ya a kasitomu a dzikolo, CBP, ya pa chipata chimene mudzatulukire maola 72 galimoto isanafike, pamodzi ndi nambala ya ITN imene imaperekedwa mukalembetsa katunduyo mu dongosolo la AES. Si chipata chilichonse chimene chimagwira ntchito imeneyi, ndipo zina zimaigwira masana a pakati pa sabata okha, ndiye imbani foni musananyamuke. Lamulo la maola 72 silikhudza kalavani yokokedwa chifukwa ilibe injini.

Mukafika mbali ya Canada, a kasitomu a kumeneko, CBSA, amalandira fomu yotchedwa Form 1 ndi msonkho wa GST wa 5 peresenti, pamodzi ndi msonkho wina uliwonse wogwirizana ndi kumene galimotoyo inapangidwira. Mukalipira ku RIV mumalandira fomu yoyendera, ndipo muli ndi masiku 45 oti musinthe zofunika ndi kukayendetsa galimotoyo pa malo ovomerezedwa. Zosintha zimene zimapezeka kawirikawiri ndi izi: nyali zoyaka zokha masana, zimene Canada amafuna pa magalimoto opangidwa kuyambira pa 1 Disembala 1989, mita ya liwiro yosonyeza makilomita, ndi chida choletsa injini kulira popanda kiyi wake pa magalimoto osapitirira makilogalamu 4,536 opangidwa kuyambira Seputembala 2007. Galimoto ikakhoza, RIV imatumiza sitika ya ku Canada yoti mumate.

Pamenepo mwathana ndi boma lalikulu lokha. Nambala imaperekedwa ndi chigawo, ndipo zigawo zili ndi kuyendera kwawokwawo. Pa gasi, magetsi ndi mapaipi a m'nyumbamo, muyezo wa ku Canada ndi CSA Z240 RV, pamene ku United States amatsatira NFPA 1192 ndipo chizindikiro chodziwika ndi cha RVIA, bungwe la opanga magalimoto ogonamo, pafupi ndi chitseko. Miyezo iwiriyi ndi yoyandikana, koma chigawo china kapena kampani ya inshuwalansi ikhoza kufuna kuti woyendera wa kumeneko aone ndi maso ake.

Kulowa ku United States

Mafomu ndi awiri: HS-7 wa za chitetezo, ndi wa za utsi wa EPA, bungwe loona za chilengedwe, amene ndi 3520-1 kapena 3520-21 malingana ndi gulu la injini. Galimoto yokwanitsa zaka 25 siifunsidwa za FMVSS, ndipo EPA imamasula ya zaka 21 ngati injini yake sinasinthidwe. Yopangidwira msika wa ku Canada imalowa mosavuta mukakhala ndi kalata ya wopanga yonena kuti ikutsatira FMVSS kupatula za masitika. Yochokera ku Europe kapena ku Japan yosakwana zaka 25 imayenera kudutsa kwa Registered Importer, kampani yovomerezedwa ndi NHTSA kusintha magalimoto ochokera kunja, ndi chikole cha 150 peresenti ya mtengo wake, n'kusinthidwa m'masiku 120, ndipo izi zimatheka pokhapokha NHTSA atavomereza kale kuti mtunduwo ungasinthidwe. Pa ma motorhome ambiri a ku Europe chivomerezo chotero palibe. Kunena zoona, kudikira kuti ikwanitse zaka 25 ndiyo njira yokhayo yanzeru.

Tepi yoyezera ndi sikelo

Potumiza galimoto ya ku America kutsidya kwa nyanja, choyamba kugwira ndi tepi, chifukwa nyali mungasinthe koma m'lifupi simungasinthe. Ma motorhome ndi makalavani akuluakulu a ku America amafika mainchi 102 m'lifupi, amene ndi mamita 2.59. Ku European Union ndi ku Britain malire ake ndi mamita 2.55, ndipo ku Australia ndi mamita 2.5. Kusiyana kwa masentimita anayi kumaoneka kochepa, koma n'kokwanira kukanitsa galimoto. Musadalire kabuku ka wopanga. Yezani pamalo otambalala kwambiri, kuphatikiza chinsalu chopinda cha m'mbali ndi zitsulo zake, chifukwa woyendera akhoza kuziwerengera. Ku Britain motorhome isapitirire mamita 12 m'litali, ndipo kalavani yokokedwa ndi galimoto yosapitirira makilogalamu 3,500 isapitirire mamita 7, osawerengera chitsulo chokokera cha kutsogolo.

Kenako kulemera. Ku Europe layisensi wamba ya gulu B imathera pa makilogalamu 3,500, ndipo C1 imathera pa 7,500. Ma motorhome ambiri akuluakulu a ku America amapitirira pamenepo, ndiye amafuna layisensi ya lole. Chimene chimawerengedwa ndi kulemera kovomerezeka kolembedwa pa sitika, osati kumene sikelo yasonyeza tsiku limenelo. Anthu ena amapempha kuti galimoto ya makilogalamu 3,850 ilembedwe 3,500 kuti aziyendetsa ndi layisensi wamba. Zimatheka, koma yambani mwaikweza pa sikelo. Lita imodzi ya madzi ndi kilogalamu imodzi, ndiye thanki ya malita 100 yadya kale makilogalamu 100 munthu asanakwere. Onjezani mafuta, masilinda a gasi, mabatire owonjezera ndi njinga kumbuyo. Yezani ekiselo iliyonse payokha. Katundu woikidwa kumbuyo kwa matayala akumbuyo amalemetsa ekiselo yakumbuyo kuposa kulemera kwake kwenikweni, n'kupepukitsa kutsogolo, ndipo galimoto ikhoza kukhala mkati mwa malire onse koma ekiselo imodzi itapitirira.

Nyali, magalasi ndi mipando

Ku United States indiketa yakumbuyo imaloledwa kukhala yofiira, ndipo nthawi zambiri babu limodzi limagwira ntchito ya buleki ndi ya indiketa. Ku Europe ndi ku Australia indiketa iyenera kukhala ya mtundu wa lalanje ndiponso yosiyana ndi nyali ya buleki. Kusinthaku si kungosintha galasi: pamafunika waya watsopano wolekanitsa ntchito ziwirizo. Pa chassis zatsopano, zimene nyali zake zimalamulidwa ndi kompyuta, kungodula waya n'kulumikiza kumayatsa machenjezo pa dashibodi kapena kuwotcha kabokosi kolamulira, ndiye gwiritsani ntchito relay kapena kabokosi kopangidwira ntchitoyo. Ku Europe amafunanso nyali yofiira yowala kwambiri ya m'chifunga kumbuyo, yokhala pakati kapena chakumbali ya pakati pa msewu, ndi kanyali kochenjeza dalaivala kuti yayaka. Galimoto yotalika kupitirira mamita 6 imafuna nyali za lalanje m'mbali. Zonyezimira za makona atatu n'za ngolo zokokedwa zokha. Pa motorhome siziloledwa.

Nyali zakutsogolo zimapangidwira mbali imodzi ya msewu. Kuwala kwake kumakwera chakumphepete kwa msewu kuti kuunikire zikwangwani, ndiye galimoto yopangidwira kuyenda kumanja ikapita kumene amayenda kumanzere, imathobwa m'maso oyendetsa obwera kutsogolo. Timasitika tomata pa galasi timathandiza mlendo wongodutsa, koma polembetsa amafuna nyali zenizeni. Fufuzani ngati nyali za mbali inayo zilipo pa mtundu umenewo. Pa ma motorhome ena nkhope yonse ya kutsogolo inapangidwa ndi womanga nyumbayo, ndipo nyali zina zolowa pamenepo sizipezeka.

Mipando ndi imene imagwetsa magalimoto ambiri pa kuyendera galimoto imodziimodzi kotchedwa IVA, kumene bungwe la boma la DVSA limachita ku Britain, ndi pa kuyendera kofanana nako m'mayiko ena. Motorhome imawerengedwa m'gulu la M1, limodzi ndi magalimoto onyamula anthu. Mpando uliwonse wokhalapo munthu galimoto ikuyenda uyenera kukhala ndi lamba womangidwa pa chitsulo chimene chinayesedwa, osati pa thabwa la bokosi la pansi pa mpando. Mpando umene ulibe umboni umenewu umangolembedwa kuti ndi wokhalapo galimoto itaima. Mapeto ake, galimoto yogona anthu asanu ndi mmodzi imalembedwa kuti inyamule awiri. Kumbukiraninso kuti ku Britain muyenera kudziwitsa a msonkho, HMRC, kudzera mu dongosolo lawo la NOVA pasanathe masiku 14 galimoto itafika.

Ku Australia kuli zina ziwiri zimene sizisinthika motchipa: chiwongolero chiyenera kukhala kumanja, kupatula ngati galimoto ili yakale kwambiri, ndipo chitseko cha nyumbayo chiyenera kukhala kumanzere kapena kumbuyo kuti anthu asamatsikire mumsewu. Chilolezo cholowetsera galimoto chimapemphedwa kudzera mu ROVER, dongosolo la boma la pa intaneti, pansi pa lamulo la Road Vehicle Standards Act la 2018, ndipo chipezeke galimoto isanakwere sitima.

Gasi

Gasi wophikira ndi wolemera kuposa mpweya umene timapuma. Akatuluka samwazika, amatsikira pansi n'kudikha ngati madzi m'chidikha, kudikira kamoto ka firiji kapena ka switch. Malamulo onse a gasi amachokera pamenepa. Bokosi la masilinda likhale lotsekeka kumbali ya m'nyumba, likhale ndi bowo pansi lotulukira kunja, ndipo musakhale batire kapena waya wosatetezedwa m'menemo. Chida chochenjeza za gasi chimaikidwa chakupansi, cha utsi padenga, ndipo cha mpweya wakupha wa carbon monoxide pafupi ndi pogona. Zida zimenezi zimatha mphamvu pakapita zaka zisanu mpaka khumi malingana ndi mtundu wake, ndipo tsiku lake limalembedwa kumbuyo kwake.

Mphamvu ya gasi m'mapaipi imasiyana. Ku America regulator, chida chochepetsa mphamvu ya gasi wochokera mu silinda, imatulutsa pafupifupi 27.5 mbar. Ku Europe muyezo wa EN 1949 unaika 30 mbar, ngakhale magalimoto akale a ku Germany ena akadali pa 50 mbar. Kuika regulator ya 50 pa sitovu ya 30 kumatulutsa lawi lalitali lachikasu, mwaye ndi carbon monoxide. Ku Australia mphamvu yake ndi 2.75 kPa, yofanana ndithu ndi ya ku America, koma zimenezo sizipulumutsa sitovu: pansi pa AS/NZS 5601.2 chipangizo chilichonse cha gasi chiyenera kukhala chovomerezedwa kumeneko, ndiye nthawi zambiri sitovu, firiji, chotenthetsera madzi ndi chotenthetsera m'nyumba zonse zimachotsedwa. Werengerani ndalama zimenezi pa mtengo wa galimoto kuyambira pachiyambi.

Masilinda nawonso ali ndi kwawo. Silinda ya ku United States yolembedwa DOT imayesedwanso ikatha zaka 12, ya ku Canada yolembedwa TC ikatha zaka 10, ndipo odzaza gasi kutsidya kwa nyanja sailandira. N'kwabwino kuisiya n'kukagula ya kumeneko pamodzi ndi paipi yake. Thanki yomangidwa pa chassis ndi nkhani ina: imadzazidwa mpaka 80 peresenti yokha kuti gasi apeze malo ofutukukira kukatentha, ndipo pakamwa pake pamafuna adaputa, pakuti ku Europe kokha kuli mitundu inayi ya pothirira.

Ntchito yonse ya gasi itsirizidwe ndi kuyesa kwa mmisiri wovomerezeka. Pa muyezo wa ku Europe amapopera mpweya m'mapaipi kufika 150 mbar, kudikira mphindi zisanu kuti ukhazikike, kenako n'kuona kwa mphindi zina zisanu ngati ukutsika. Thovu la sopo limathandiza kupeza pamene pakutuluka, koma silipereka chikalata.

Magetsi

Ku North America makalavani amalandira 120V pa 60 Hz, kudzera pa pulagi ya 30A kapena ya 50A. Ku Europe ndi 230V pa 50 Hz, kudzera pa pulagi yabuluu ya 16A. Ku Australia ndi 230V pa 15A. Kulumikiza galimoto ya 120V ku 230V kudzera pa adaputa wamba kumawotcha chaja, mayikulowevu ndi zina zonse pakamphindi kochepa.

Njira zilipo ziwiri. Yotchipa ndi kuika thiransifoma yotsitsa magetsi, ya mphamvu pafupifupi 3.6 kVA, pakati pa pulagi yakunja ndi bokosi la ma breaker. Imatsitsa 230V kufika 120V koma siisintha 50 Hz kukhala 60, ndiye mota ya air conditioner imazungulira pang'onopang'ono ndi gawo limodzi mwa magawo asanu ndi limodzi, imatentha ndipo siikhalitsa. Njira yachiwiri ndi kuyala mawaya atsopano, masoketi a kumeneko ndi RCD ya 30 mA, chida chodula magetsi akayamba kuthawira pansi, n'kusintha zipangizo. Ku Australia, kumene AS/NZS 3001.2 imafuna kuti switch iliyonse izidula mawaya onse awiri, njira yachiwiriyi ndi imene imadutsa.

Chenjerani ndi mitundu ya mawaya. Pa magetsi aakulu a ku America wakuda ndiye wamoto, woyera ndi neutral, wobiriwira ndi earth. Ku Europe wamoto ndi wabulawuni, neutral ndi wabuluu. Pa mbali ya 12V ya makalavani ambiri a ku America, wakuda ndi positive ndipo woyera ndi negative. Makaniko wozolowera kuti wakuda ndi negative akalumikiza batire mosayeza, mafyuzi a chaja amapsa nthawi yomweyo. Yezani ndi mita musanamange.

Za kalavani yokokedwa

Mpira wachitsulo wokokera ku Europe ndi ku Australia ndi wa mamilimita 50. Ku America wofala ndi wa mainchi 2, amene ndi mamilimita 50.8, ndi wa mainchi 2 5/16 pa makalavani olemera. Ndi maso simungasiyanitse 50 ndi 50.8. Coupler, mbali ya kalavani yovala mpirawo, ya mainchi 2 ikavala mpira wa 50 imagwedera, imadyeka, ndipo ikhoza kuvuka pa bampu; ya 50 ikavala mpira wa mainchi 2 siikhala pansi bwino ngakhale chogwirira chake chitaoneka ngati chatseka. Werengani nambala yodindidwa pa zitsulo zonse ziwiri.

Mabuleki nawonso ndi osiyana. Makalavani a ku America ali ndi mabuleki a magetsi olamulidwa ndi kabokosi ka m'galimoto yokoka. A ku Europe osapitirira makilogalamu 3,500 amagwira buleki okha kalavani ikakankha galimoto yokoka, ndipo magalimoto a kumeneko alibe waya wa mabuleki a magetsi pa soketi yawo ya mapini 13. Kalavani ya ku America imakanikizanso mpirawo ndi 10 mpaka 15 peresenti ya kulemera kwake, pamene magalimoto wamba a ku Europe amalola makilogalamu 75 mpaka 100 okha pamenepo. Kalavani ya makilogalamu 2,500 ingakanikize ndi 300. Ku Australia mabuleki amafunika kupitirira makilogalamu 750, ndipo kupitirira 2,000 pamafunika chida chomanga mabuleki chokha kalavani ikaduka, n'kuwagwira kwa mphindi 15.

Matayala a kalavani amakalamba asanathe mano. Manambala anayi omaliza a DOT pambali pa tayala amanena sabata ndi chaka: 2319 ndi sabata la 23 la chaka cha 2019. Akapitirira zaka zisanu ndi ziwiri asintheni, ndipo ngati mukupita ku Europe gulani okhala ndi chilembo E ndi nambala yokwanira katunduyo.

Pa sitima ndi padoko

Khomo la kontena ya mafiti 40 yotalika msinkhu (high cube) ndi pafupifupi mamita 2.34 m'lifupi ndi 2.58 kupita m'mwamba, ndiye ma motorhome ambiri salowa ndipo amayenda pa sitima za RoRo, zimene galimoto imalowa ikuyenda yokha. Mtengo umawerengedwa potengera kukula, choncho chotsani makwerero ndi zonyamulira njinga ngati zimachoka. Makampani a sitima amafuna mafuta ochepa m'thanki, kawirikawiri osapitirira kota, masilinda a gasi atachotsedwa, ndi chikalata chosonyeza kuti thanki yomangidwa yatsukidwa gasi. Mabatire a lithium auzeni polemba malo, osati padoko. Kiyi amatsala ndi antchito a padoko, ndiye musasiyemo katundu wamtengo, ndipo jambulani zithunzi mbali zonse popereka galimoto, pakuti a inshuwalansi adzazifuna.

Tsukani pansi pa galimoto, m'mabokosi ndi padenga. Dothi, mbewu ndi masamba zimachititsa kuti galimoto isungidwe padoko ku United States, Canada, Australia ndi New Zealand, ndipo kutsuka kwa kumeneko mumalipira ndinu pamodzi ndi ndalama za malo tsiku lililonse. Yopita ku Australia kuchokera ku mayiko okhala ndi kachilombo ka brown marmorated stink bug pakati pa 1 Seputembala ndi 30 Epulo imayenera kupoperedwa kapena kutenthetsedwa ndi kampani yovomerezedwa. Dzikoli linaletsanso asbestos kotheratu kuyambira pa 31 Disembala 2003, ndipo pa galimoto yakale amapezeka m'mabuleki, mu kilachi ndi m'magasiketi. Sinthani zimenezi ndi kuyezetsa galimoto isananyamuke.

Pa fomu ya kasitomu motorhome imalembedwa pansi pa nambala 8703, kalavani yokokedwa pansi pa 8716.10. Msonkho umatengera dziko limene galimoto inapangidwira, osati limene mwaigula.

Ngati mukungodutsa

Zonsezi n'za amene akufuna kulembetsa galimoto kuti ikhale m'dzikomo. Mlendo amayenda ndi nambala za kwawo, ndipo safunsidwa kusintha nyali kapena sitovu. United States imalola munthu wosakhala kumeneko kusunga galimoto yake kwa chaka chimodzi. European Union ndi Britain amalola miyezi isanu ndi umodzi pa miyezi 12 iliyonse. Mayiko ena amafuna Carnet de Passages en Douane, kabuku kamene mabungwe a oyendetsa galimoto a pansi pa FIA ndi AIT amapereka munthu akasiya chikole. Kamagwira ntchito chaka chimodzi, ndipo tsamba lililonse limadindidwa polowa ndi potuluka. Chidindo chotulukira chikasowa, a kasitomu amawerengera ngati galimotoyo inagulitsidwa m'dziko lawo, n'kudula msonkho wonse pa chikolecho. Musachoke pa windo la ofesala musanaone ndi maso anu kuti zidindo zonse ziwiri zili pa tsamba limodzi, ndipo VIN yalembedwa monga ilili pa chassis.